Ndani Anaba Nyimbo mu Filimu ya Amjomba?

Loweruka lapitali ndinakweza kanema wanga pa kabaza, ndinawoloka naye mlatho nditamukumbatira ngati mwana wodwala, n'kukachititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa anzake. Sichinali cholinga changa. Koma ndi zimene zinachitika, ndipo mpaka lero ndikufunafuna woti ndimugwire pakhosi.

Munthu wamkuluyo ndi amjomba anga, Che Amidu, mlongo wawo wa mayi anga. Amene munakulira pa boma pano mukuwakumbuka: telala uja ankasoka pa khonde loyandikana ndi vidiyo ya malemu Che Twaibu.

Masiku amenewo, ife tisanamere ndevu, ku vidiyoko kunkabwera matepi a filimu ina ya wapolisi wofufuza milandu yakupha. Matepiwo ankachokera ku Joni, achibale ankachita kujambula pa kanema wa kumeneko. Wapolisi wake anali mzungu wamtali amene sanasekepo chibadwire, moti tinangomutcha Che Saseka. Nkhani yake inali imodzimodzi tepi iliyonse: munthu amafa koyambirira, anthu angapo amanama pakati, Che Saseka amaloza mmodzi kumapeto. Basi. Koma tinkadzazana m'kachipinda kamene kaja mpaka amene wakhala pakhomo ankapumira anzake onse.

Amjomba sanalowemo n'kamodzi komwe. Ankati munthu wa banja lake sangakhale benchi imodzi ndi anthu onunkha usipa. Chizungu sachidziwa, kupatula manambala a pa chingwe choyezera nsalu. Koma Che Twaibu anapachika sipika panja yoitanira makasitomala, ndipo sipikayo inkalira m'khutu mwenimweni mwa telala kuyambira m'mawa.

Tsono tamverani. Filimu ikafika pakati, Che Twaibu ankaimitsa kaye kuti deki izizire. Ife tinkatuluka n'kuthamangira pa khonde.

"Che Amidu, wapha ndani?"

Iwo osadzutsa n'komwe mutu, phazi lili pa makina, ulusi uli kukamwa: "Wa mawu a chimfine uja." Tsiku lina: "Mayi woseka ngati nkhanga uja."

Tikabwerera m'kati, Che Saseka ankavutika theka la ola lathunthu, kuthamangitsa galimoto, kukwera masitepe, kulandira zibakera, kuti akafike pamene telala wafika kalekale asanadzuke pa mpando.

Sanaphonyepo. Ndikulumbira. Anthu ena ankati ali ndi majini owanong'oneza. Amalonda ena anasiya kudutsa pa khonde lija poopa kuti akangoti "mwadzuka bwanji" adziwika kuti sikelo yawo ndi yopindika. Mayi wina anakoka mwamuna wake kuchokera ku Chowe wapansi kuti angolankhula pafupi ndi makinawo, amve ngati ali ndi chibwenzi. Mwamunayo anaulula asanafike pa mlatho. Sindikuwonjezerapo kanthu, mboni zilipo, zina zili moyo.

Chinsinsi chake anandiuza ine nditakula.

"Anthu amanama, Saidi, koma oimba aja satha kunama. Iwo mlandu anauona kale mpaka kumathero asanagwire zoimbira zawo, ndipo munthu wodziwa chinsinsi sakhazikika. Ukamva ng'oma zambiri, malipenga phokoso lokhalokha, dziwa kuti akukusocheretsa, ameneyo ndi wosalakwa. Koma wina akamalankhula mokoma, nyimbo n'kutsika, n'kutsala besi yekha pansipansi ngati munthu woyenda monyang'ama kuseri kwa nyumba, ameneyo ndiye wako."

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanakhulupirirepo: Che Jafali, wogulitsa nsomba zouma, mnzawo wa pa mzikiti. Kwa zaka makumi atatu bambo ameneyu wakhala akulengeza kuti Che Twaibu ankawanong'oneza amjomba mathero a filimu m'mawa uliwonse akamanamizira kudzasoketsa batani. Che Twaibu anatisiya, woti atsutse palibe. Mkangano umenewu ndi umene wasunga nkhalamba ziwirizi ndi moyo. Madokotala akanadziwa bwenzi akuupereka pa chipatala.

Lero maso a amjomba anachita ng'ala. Makina anaphimbidwa ndi chitenje. Munthu amene ankalowetsa ulusi pa singano akuyang'ana kumbali, tsopano amazindikira mlendo ndi kapondedwe ka phazi. Chimene chawatsalira ndi makutu, ndi mbiri ya makutuwo.

Ndiye mwana wawo Asiyatu, msuweni wanga amene ali ku Joni, anapeza filimu yonse ya Che Saseka m'sitolo. Bokosi lathunthu la zimbale, la kampani yeniyeni, lonyezimira, osati zokopera zapamsikazi. Anatumiza pa basi. Amjomba analisisita bokosilo masiku atatu ngati mphaka, kenako anatumiza uthenga ku mzikiti kuti Loweruka ikatha swala ya masana, aliyense amene ali ndi mafunso a zaka makumi atatu abwere.

Anabwera. Mphasa zinayalidwa pa khonde, tiyi anaphikidwa. Che Jafali anafika atavala mkanjo watsopano ngati akupita kukaweruza mlandu wa malo.

"Chimbale ndisankha ndine," anatero. "Cha pansi penipeni. Zimene sizinafikeko kwa Twaibu."

"Sankhani, achimwene," anayankha amjomba. "Musankhenso ndi mawu amene mupepesere."

Anatembenuza mpando wawo kuti afulatire kanema, ngakhale kuti kufulatira kapena kuyang'ana kwa iwo n'chimodzimodzi. Anafuna zikhale ngati kale.

Ndinayatsa.

Zithunzi zinali zoyera mochititsa mantha. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti Che Saseka anali ndi chipsera pachibwano. Ndinasangalala ngati chitsiru. Inde, ndinamva kuti pali china chake chosakhala bwino, ngati ndiwo zimene wina waiwala mchere, koma maso anga anali otanganidwa ndi chipsera.

Amjomba ndi amene anayamba kusuntha pa mpando.

"Saidi, wayatsanso wailesi?"

"Ayi, amjomba."

"Nanga ukwati ukuchitika kuti?"

Apo m'pamene ndinatchera khutu. Abale anga, mtembo uli gone pa kapeti, mkazi wamasiye akulira, Che Saseka wagwada akuyang'ana magazi, ndipo kumbuyo kukulira kiyibodi. Kiyibodi yeniyeni, ya mtundu uja amaimba pa phwando la mkwatibwi anthu akamaponya ndalama m'lichero. Tin'ti-tin'ti-tin'ti. Wina akuthira tiyi, tin'ti-tin'ti. Wina akubisa mpeni, tin'ti-tin'ti yomweyo. Ndikulumbira kuti pamene ankanyamula mtembo, mayi wina woyandikana nyumba anaimba nthungululu kuseri kwa mpanda.

Pakati pa filimu Che Jafali anakweza dzanja. Ndinaimitsa.

"Eya, a makutu. Wapha ndani?"

Amjomba anatuluka thukuta pa mphuno, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

"Wa mawu onenepa uja," anatero motsitsa.

Ndinayatsanso. Sipanathe mphindi zisanu, wa mawu onenepa uja anapezeka atafa m'bafa.

"Wadzipha pothawa telala!" anakuwa Che Jafali. "Tipatseni wina, Che Amidu, anthu akadalipo ambiri, musaumire."

"Mtsikana uja," anatero amjomba. "Wa mawu ang'ono."

Mtsikanayo anali wantchito amene anangobweretsa makapu kamodzi n'kutuluka. Sanabwerenso. Ndikukhulupirira kuti ngakhale mwini filimu anamuiwala. Wakupha anali dokotala.

Che Jafali anaseka mpaka anatsamwa tiyi, anthu awiri n'kumamumenya kumsana. Atatsitsimuka anaimirira, anakonza mkanjo wake.

"Zaka makumi atatu ndikukuuzani anthu inu. Twaibu wapita, majini apita naye. Telala ndi telala basi."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Amjomba sanakwiye, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. Munthu amene amatha kukangana ndi tambala pa nkhani ya nthawi anangopinda manja.

"Zimitsa, Saidi. Maso anapita. Makutu nawo awatsatira."

Lamulungu sanatuluke m'nyumba. Lolemba sanapite kukakhala pa benchi ya pa mzikiti. Azakhali, akazi awo, anandiimbira kuti akukana wailesi, akuti palibe chifukwa chomvetsera zinthu ndi makutu onama, ndipo akufunsa ngati ku chipatala amayeza makutu tsiku lanji.

Ine ndinatenga bokosi lija n'kuyamba kulifufuza ngati Che Saseka. Kutsogolo, zilembo zikuluzikulu: filimu yonse, yathunthu, monga munkaikondera. Kumbuyo, pansi penipeni, pamene pamakhala chala cha munthu wogwira bokosi, panali kamzere. Ndinabwereka magalasi awiri n'kuwavala pamodzi. Nyerere inadutsapo n'kuphimba chiganizo chonse, ndinachita kudikira kuti iwoloke. Kamzereko kankati nyimbo zina zasinthidwa.

Zina.

Munthu atakugulitsani njinga n'kulemba pansi pa chishalo kuti mateyala ena achotsedwa, mungamutche dzina lanji?

Nditafunsafunsa kwa odziwa za malonda amenewa, ndinamva kuti si zachilendo. Akuti filimu zakalezi zikamapangidwa, chilolezo cha nyimbo zina chinkakhala chongoonetsera pa kanema. Kuti aziike pa zimbale zogulitsa, ayenera kubwereranso kwa eni nyimbo n'kukambirana nawo. Tsono ena amaona kuti kukambiranako n'kodula, kapena sakudziwanso kuti nyimbo iyi mwini wake ndani, ndiye amangozula zonse n'kuitana munthu mmodzi wa kiyibodi kuti atseke maenje.

Taganizani. Penapake pali ofesi. Mu ofesimo munakhala anthu ophunzira, ovala mataye, akumwa madzi a m'botolo. Anakhala masiku akutsuka zithunzi kuti ine ndione chipsera pachibwano cha mzungu. Atafika pa nyimbo, mmodzi anati, "Izi ndi zakumbuyo chabe, ndani angazindikire?" Onse anagwedeza mitu n'kupita kukadya.

Ndani angazindikire? Telala wosaona wa ku Mangochi, bwana. Anazindikira mphindi yoyamba, ndipo chifukwa choti ndi munthu waulemu amene sangaganize kuti kampani yonse ingabe, anadziimba mlandu yekha.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chimenecho. Wakuba wamba akakubera, umadziwa kuti wabedwa. Umakuwa, anthu amabwera, mumatukwana limodzi. Koma uyu amakubera n'kukusiya ukudzikayikira. Umati mwina ndakalamba. Mwina sizinali zokoma chonchija, unali ubwana chabe. Ndi angati mwa inu amene munaonanso filimu imene munkaikonda n'kunena kuti "kodi tinkaikonderanji"? Musanadzinyoze, tembenuzani bokosi.

Ndipo tisaloze azungu okha, chifukwa matenda amenewa afika pa msika wathu ndipo anenepa. Pitani mukagule filimu yomasuliridwa. Pamene wakupha akutsegula chitseko pang'onopang'ono, pamene mtima umafunika kuima, womasulira amazimitsa zonse n'kuyamba kupereka moni kwa anzake a ku Nkopola ndi kulengeza kuti amakonzanso mafoni.

Nanga ojambula maukwati athuwa? Pa ukwati wanga, mayi anga anaimirira n'kulankhula. Sanali munthu wolankhula pagulu, koma tsiku limenelo analankhula mpaka anthu anapukuta misozi. Ine sindinamve bwino, ndinali nditauma ndi mantha mu suti yobwereka. Ndinati ndikamvera pa vidiyo. Vidiyo itabwera, mayi anga alipo, milomo ikuyenda, dzanja likuloza kwa ine, koma chimene chikumveka ndi nyimbo ya chikondi imene wojambulayo ankaikonda chaka chimenecho. Nditamufunsa anati, "Pamenepo panali phokoso, bwana, ndinakongoletsa." Mayi anga anamwalira. Mpaka lero sindidziwa chimene anandiuza. Ndimangodziwa kuti wojambula uja anali pa chibwenzi.

Tili ndi mtima woti chimene sichioneka ndi maso chilibe mwini. Chili kumbuyo, ndiye chotsa, sintha, kongoletsa. Koma nyumba imaima ndi zimene zili kumbuyo kwa pulasitala.

Lachiwiri ndinapita kukawafotokozera amjomba zonsezi. Ndinawawerengera kamzere kaja katatu.

"Usandinyengerere ngati mwana, Saidi," anatero atafulatira. "Anthu a ndalama zawo angachotse nyimbo m'filimu yawo yomwe chifukwa chiyani? Ndiwe mwana wabwino, koma bodza sulitha."

Mwaona? Choonadi chake n'chopusa kwambiri moti munthu wanzeru sangachikhulupirire.

Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Nkopola, kumene kumakhala Abiti Kasimu, mkazi wa malemu Che Twaibu. Ndinawafunsa ngati patsala tepi iliyonse. Anati ambiri ana anasolola n'kumangira m'dimba kuopseza mbalame. Koma pansi pa sutikesi anatulutsa imodzi, yokulungidwa m'mpango.

"Iyi inafika sabata imene amuna anga anagonekedwa m'chipatala," anatero. "Sinaonetsedwepo. Ngakhale iwo sanaione. Jafali akafuna kutsutsa, abwere adzanditsutse ine pamaso."

Deki ndinaipeza kwa a Fenando, wokonza mawailesi kuseri kwa msika, amene anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya kwawo ndipo chibwerereni sanatayepo waya ngakhale mmodzi. Anaifukula pansi pa mulu wa zinthu zakufa. Titaitsegula munatuluka banja la mphemvu, agogo ake ndi zidzukulu, ndipo ndikulumbira kuti yomalizira inatembenuka n'kutiyang'ana ngati tiipatse nthawi yosamuka. A Fenando anapukuta m'kati ndi kansalu konyowetsa sipiriti, anamanga lamba wina ndi mphira ya chubu.

"Iyenda kamodzi," anandichenjeza. "Kawiri sindikulonjeza. Tepiyo yachita nkhungu."

Lachinayi masana tinakhalanso pa khonde lomwe lija. Anthu anali ochepa. Amjomba anachita kukokedwa ndi azakhali. Che Jafali anamva uthenga wa Abiti Kasimu ndipo anati mkazi wamasiye satsutsidwa, koma tiona.

Ndinayatsa. Pa kanema panalibe chithunzi. Mvula yokhayokha, mizere ikuthamangitsana, nthawi zina mutu wa munthu wopanda thupi.

"Tionere chimenechi?" anafunsa Che Jafali.

Asanatseke pakamwa, lipenga linayamba. Lipenga lomwe lija la kwa Che Twaibu, lotopa, ngati munthu amene waona zoipa zambiri ndipo sakudabwanso. Mbuzi ya azakhali inasiya kubzikula. Amjomba anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ndipo ndinaona phazi lawo lamanja likuyamba kupalasa pansi, pamene panalibe makina.

Tinakhala anthu akuluakulu asanu ndi awiri tikuonera mvula. Mawu a azungu ankabwera ndi kupita. Pena ng'oma zinachita phokoso, mkazi wina akukuwa, Che Jafali n'kunena kuti, "Ameneyo!" Amjomba anangopukusa mutu. Kenako panabwera bambo wina wa mawu ofewa, olankhula ngati akupepesa. Nyimbo inatsika. Inatsikanso. Panatsala besi yekha.

Amjomba anakweza chala.

"Uyo. Wa mawu a ulemuyo."

Sanadikire n'komwe kuti tifike pakati. Ndipo anachita bwino, chifukwa patangopita kanthawi deki inalira ngati yatsamwa fupa, mawu anakokeka, zonse zinazima. Titatsegula tinapeza tepi yatafunidwa, yatuluka ngati matumbo a nkhuku. A Fenando, amene anabwera nayo dekiyo, anaiyang'ana n'kuvula chipewa.

"Ndiye tidziwa bwanji?" anatero Che Jafali, nkhope ikuwala. "Mlandu wathera panjira."

Koma gawo lomwelo linalimo m'bokosi la Asiyatu. Ndinalipeza, ndinathamangitsa mpaka kumapeto, ndipo Che Saseka, zithunzi zili mbee, kiyibodi ikusangalala kumbuyo, anaika dzanja paphewa la bambo wina wa magalasi. Bamboyo anatsegula pakamwa. Mawu ofewa, ngati akupepesa.



Che Jafali anatsokomola, anayang'ana kumwamba, anayang'ana zala zake.

"Kamodzi n'kamodzi," anatero. "Ngakhale wakhungu amaponda ndalama. Tiyeserenso ina."

"Ina ilibe, achimwene," anayankha amjomba. "Imeneyo inali yomaliza. Mwaimva ikufa."

Ndinkayembekeza kuti anyada, atukwana pang'ono, aitanitsa tiyi wina. Ayi. Anapempha kuti ndiwapatse tepi yotafunidwayo, anaifungatira pa miyendo, n'kuyamba kukulunga kachingwe kake pa chala mosamala ngati ulusi wodula. Bokosi lonyezimira lija anati ndichoke nalo, koma Asiyatu ndisamuuze, anagula ndi mtima wabwino.

Ndikutsanzika anandigwira dzanja.

"Saidi, anthu amene anachotsa nyimbo aja, uli ndi njira yowapezera?"

"Sindikudziwa, amjomba. Ali kutali."

"Ukawapeza usawatukwane. Ungowauza kuti makutu anga ali bwino."

Ndiye ngati muli kwinakwake, inu a mu ofesi muja, uthenga wanu ndi umenewo. Zotukwana ndasunga, ndi zanga, ndidzabwera nazo ndekha. Che Amidu abwerera pa benchi ya pa mzikiti, ndipo dzulo anakangana ndi Che Jafali mpaka onse awiri anachedwa swala. Makutu awo ali bwino.

Anu ndi amene sindikuwadziwa.